Lole Ikakana Kulira M'mawa: Kodi Botolo la Mankhwala Kapena Kompyuta Zingaichiritse?

Mwezi wa June ukafika, pa Tengani pamamveka phokoso lina lake m'mamawa. Malole omwe agona m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Bangula ndi boma la Nsanje, amayamba kudzutsidwa. Ina imalira kamodzi n'kamodzi. Ina imangoti ngwe-ngwe-ngwe, kenako zii. Dalaivala ayesanso, utsi woyera uti fuu kumbuyo, koma injini osagwira. Pamwamba pali thonje kapena chitowe choyenera kukafika ku Blantyre tsiku lomwelo, ndipo mwini katundu wayamba kale kuimba foni.

Pamalo otere alangizi sachedwa kupezeka. Wina amati: "Achimwene, mugule kabotolo ka mankhwala othira mu oyilo, vutoli litheratu." Wina amati: "Ayi, mukafika m'tauni mukapeze anyamata a laputopu akaichune kompyuta." Njira zonse ziwiri zimadya ndalama. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi fizikisi ikuti chiyani?

Poyamba tidabwe kaye. Chigwa cha Shire ndi dera lotentha kwambiri m'Malawi muno. Mu October ndi November kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Mu June ndi July m'mawa kumazizira ndithu, mpaka anthu kuwotha moto, koma sikufika poti madzi n'kuundana ngati mmene zimachitikira ku Johannesburg. Nanga lole ikukaniranji kulira kudera lofunda chonchi? Kuti tiyankhe, tilowe kaye m'kati mwa injini.

Moto wopanda machesi

Injini ya petulo ili ndi mapulagi omwe amathethetsa moto kuti mafuta ayake. Injini ya dizilo ilibe zimenezo. Moto wake umachokera ku mpweya wopanikizidwa basi.

Mukapita kwa wokonza njinga za kabaza, mupemphe kuti mugwire kumunsi kwa pampu akangomaliza kupopa tayala. Mupeza kuti kwatentha. Dzanja la wopopayo lagwira ntchito pokankha mpweya, ndipo mphamvu imeneyo sinasowe: yalowa mu mpweyawo, tizigawo take tayamba kuthamanga kwambiri, kutentha kwakwera. Rudolf Diesel, injiniya wa ku Germany, anamanga injini yake pa mfundo yomweyi, ndipo yoyamba kugwira bwino ntchito anaiyesa ku Augsburg mu 1897.

Mu silinda, pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wokhawokha. Ikamakwera imaupanikiza mpweyawo m'kamalo kochepa kwambiri. M'mainjini ambiri a dizilo, malowo amachepa ka 15 mpaka ka 22, pomwe mu injini ya petulo amachepa ka 8 mpaka ka 12. Pisitoni ikatsala pang'ono kufika pamwamba, injector imapemerera dizilo ngati nkhungu mu mpweya wotenthawo, ndipo dizilo amayaka yekha.

Ndiye mwaona pomwe pagona nkhani? Ngati mpweya sunatenthe mokwanira, palibe china choyatsa moto. Vuto lililonse la injini ya dizilo yokana kulira m'mawa limabwerera pa mafunso awiri: kodi mpweya watentha mokwanira, nanga dizilo wafika pa nthawi yake ali nkhungu yabwino?

Tiyeni tiwerengere

A Fomu 3 ndi Fomu 4, tulutsani makakyuleta. Mpweya ukapanikizidwa mofulumira, kutentha kwake timakupeza motere:

T2 = T1 × r^(n − 1)

T1 ndi kutentha kwa mpweya polowa, T2 ndi kutentha kwake pisitoni ikafika pamwamba, r ndi nambala yosonyeza kuti malo achepa kangati. Kumbukirani kuti kutentha pano timakulemba mu kelvin, ndiye kuti madigiri a Celsius kuphatikiza 273. Nambala n imatiuza kuti kutentha kukusungika bwanji. Pakanakhala kuti palibe kutentha kothawira m'zitsulo ndiponso palibe mpweya wopulumuka, n ikanakhala 1.4. Mu injini yeniyeni imakhala yocheperapo.

Titenge chitsanzo cha injini ya r = 17, m'mawa wa madigiri 15, omwe ndi 288 K.

Injini ya m'buku, yosataya kanthu: n = 1.4, timachulukitsa ndi 3.1, tipeza 893 K, omwe ndi madigiri 620.

Injini yabwino koma yozizira, sitata ikuizunguza mwamphamvu: tiyerekeze n = 1.3, timachulukitsa ndi 2.34, tipeza 674 K, omwe ndi madigiri 401.

Injini yotopa, yomwe ikuzungulira mwaulesi: tiyerekeze n = 1.2, timachulukitsa ndi 1.76, tipeza 507 K, omwe ndi madigiri 234 okha.

Dizilo amatha kuyaka yekha pa madigiri opitirira pang'ono 200 mukamupatsa nthawi. Koma mu silinda nthawi mulibe. Pisitoni imangofika pamwamba n'kubwerera, ndipo moto uyenera kugwira m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa kuphethira kwa diso. Kuti zitero pamafunika madigiri oyandikira 400 kapena kuposa. Injini yachitatu ija singalire.

Tsopano tengani injini yabwino ija mukaigoneke ku Dedza, m'mawa wa madigiri 5, omwe ndi 278 K. Kuchulukitsa ndi 2.34 tipeza 651 K, madigiri 378. Kuzizira kwa ku Dedza kwangochotsapo madigiri pafupifupi 23. Koma kutopa kwa injini ndi ulesi wa sitata zinachotsa madigiri oposa 160. Kusiyana kumeneku mukusunge m'mutu. Nyengo imangowonjezera pang'ono pa vuto lomwe linalipo kale.

Chifukwa chake n'chosavuta. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mpweya umakhala ndi nthawi yambiri yopereka kutentha kwake ku zitsulo zozizira, komanso nthawi yambiri yopulumukira m'mbali mwa maring'i a pisitoni ndi mavavu akutha. Pitani pa chigayo cha dizilo chopukusa ndi manja mukaone. Wopukusa amayamba watsegula kachitsulo kotulutsa mpweya mu silinda, n'kupukusa mpaka gudumu lolemera lija litathamanga, kenako n'kutseka mwadzidzidzi. Akatseka liwiro lisanakwane, injini siigwira. Amadziwa lamuloli ndi mikono yake.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Tengani ali pansi kwambiri, osafika mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, Dedza pafupifupi 1,600. Pa mamita 1,600 mphamvu ya mpweya imatsika kuchoka pa 101 kPa kufika pa 83 kPa, ndiye kuti silinda imakoka mpweya wochepa. Lole yomwe ikuvutavuta ku chigwa ikakagona kumtunda imakaniratu.

Batire: kutentha kumapha, kuzizira kumangolengeza maliro

Popeza liwiro la sitata ndi lofunika chonchi, woyamba kufunsidwa ndi batire. Malole akuluakulu ambiri amagwiritsa ntchito mavoti 24, kuchokera ku mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa motsatizana. Batire la mavoti 12 lodzaza bwino, likapuma, limaonetsa pafupifupi 12.6 V.

M'kati mwa batire muli mtovu ndi asidi, ndipo magetsi amachokera ku kusintha kwa makemikolo amenewa. Kukazizira kusinthaku kumachedwa, magetsi amatuluka ochepa. N'chifukwa chake pa batire pamalembedwa zilembo CCA ndi nambala: ndi ma ampere omwe batirelo lingapereke kwa masekondi 30 pa madigiri 18 pansi pa ziro. Koma kwa ife a ku chigwa mdani wamkulu ndi dzuwa. Kutentha kumaumitsa madzi a m'batire ndi kudya mapuleti ake mofulumira. Batire limafooka mu October ndi November mwakachetechete, chifukwa nthawi imeneyo injini yofunda siivuta kuzunguza. June akafika, chinsinsi chimaululika.

Nthawi zina batire lili bwinobwino, vuto lili pa mitu yake. Mwaonapo zoyera zangati ufa zomwe zimamera pamenepo? Gwiritsani ntchito lamulo la Ohm. Tiyerekeze kuti sitata ikukoka ma ampere 400, ndipo mutu wa dzimbiri uli ndi resistance ya 0.01 ohm yokha. V = IR = 400 × 0.01 = mavoti 4 otayika pa kamalo kamodzi. Mphamvu yosanduka kutentha pamenepo ndi P = I²R = mawati 1,600, kufanana ndi ketulo yamagetsi. Ndiye mukaona makaniko akugwira mitu ya batire dalaivala atangoyesa kuliza, akufufuza mutu wotentha. Mankhwala ake ndi sandipepa ndi sipanala, osati botolo.

Manambala a pa chigubu cha oyilo

Chachiwiri chochedwetsa sitata ndi oyilo. Madzi ndi uchi zonse zimayenda, koma uchi umayenda mokakamira. Kukakamira kumeneku pa fizikisi timati viscosity, ndipo kumakula zinthu zikazizira. Mafuta ophikira m'mawa wa July amatuluka m'botolo mwaulesi kuposa masana. Oyilo wa injini amachitanso chimodzimodzi, ndipo sitata iyenera kukoka zitsulo zonse m'kati mwa oyilo wolemerayo.

Pa chigubu cha oyilo wa malole ambiri pamalembedwa 15W-40. Manambalawa anakhazikitsidwa ndi bungwe la mainjiniya la SAE. Chilembo W chikuimira nyengo yozizira. Oyilo wa 15W amayesedwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, wa 10W pa madigiri 25 pansi pa ziro, wa 5W pa madigiri 30 pansi pa ziro. Nambala 40 ikunena za kulemera kwa oyiloyo pa madigiri 100, injini ikatentha. Taganizani: oyilo woyesedwa pa madigiri 20 pansi pa ziro angalephere bwanji m'mawa wa pa Tengani? Ngati ndi weniweni, wa mtundu womwe buku la galimotoyo likunena, ndipo sanapitirire nthawi yake, salephera. Yemwe amavuta ndi oyilo wokhalitsa, wodzaza mwaye, yemwe walemera ngati phala.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti oyilo wa m'chigubu amabwera ali kale ndi mankhwala ake. Muli otsuka zitsulo, omwaza mwaye kuti usaundane, a zinki oteteza zitsulo zisaperesane, oletsa thovu, ndi ena othandiza kuti oyilo asapyapyale kwambiri akatentha. Akatswiri a kemisitiri amawayeza mosamala kuti asalimbane okhaokha. Kuthiramo botolo lina kuli ngati kuwonjezera mchere mu ndiwo zomwe wophika wathira kale, osalawa.

Nanga mabotolo aja ali ndi chiyani?

Ambiri mwa omwe amagulitsidwa kuti aletse utsi kapena phokoso ndi olemeretsa oyilo. Mukatsegula muona kuti amatsika ngati uchi. Mu injini yakutha amatha kuchepetsa utsi wa buluu kwa kanthawi, chifukwa oyilo wolemera sadutsa msanga m'mipata. Koma kumbukirani masamu athu aja. Oyilo wolemera amachedwetsa sitata, n imatsika, mpweya sutentha. Pa vuto la m'mawa, botolo lotere likhoza kuwonjezera matenda omwe munaligulira.

Ena amalonjeza zozizwitsa. Ku America, mu 1997, bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linaletsa ogulitsa mankhwala otchedwa Slick 50 kumalengeza zinthu zomwe analibe nazo umboni wokwanira, monga zakuti amachepetsa kwambiri kutha kwa injini. Phunziro lake ndi la sayansi yonse: wolonjeza abweretse umboni woyezedwa. Paja safunsa anadya phula.

Komabe tinene chilungamo, pali mtundu umodzi wa injini pomwe nkhani ya oyilo ndi kulira m'mawa zimagwirizanadi kwambiri. Kampani za Caterpillar ndi Navistar zinapanga ma injector otchedwa HEUI, omwe amakankhidwa ndi oyilo wa injini wopanikizidwa kwambiri. Anaikidwa m'mainjini a Caterpillar monga 3126, C7 ndi C9, m'magalimoto a Ford a injini za Power Stroke 7.3 ndi 6.0, komanso mu injini ya Isuzu 4JX1 ya mu Bighorn ndi Trooper. Mu injini ya Ford 6.0, yomwe inali m'mapikapu a 2003 mpaka 2007, kavavu kakang'ono ka mu injector kamakonda kumatirira chifukwa cha zotsalira za oyilo wakupsa, makamaka kukazizira. Eni magalimotowa m'madera a chipale chofewa ku America ndi Canada ndi omwe anatchukitsa zothira mankhwala otsuka mu oyilo, ndipo ena amati zimawathandiza. Kampani ya Ford nayo inatulutsa pulogalamu yatsopano ya kompyuta yomwe imadutsitsa magetsi m'makoyilo a injector kuti afunde injini ikazizira.

Malangizo ambiri omwe mumawaona pa YouTube ndi pa Facebook anabadwira kumeneko. Ndi a injini ina, kudziko lina, pa kuzizira komwe kuno kulibe. Canter kapena Hino yakale ya pampu wamba siigwiritsa ntchito oyilo pokankha ma injector ake. Kuithira mankhwala a HEUI kuli ngati kumwa mankhwala a malungo pomwe dzino ndi lomwe likuwawa.

Dizilo, madzi ndi mpweya wolowa polakwika

Palinso mabotolo othira mu thanki ya mafuta. Awa ali mitundu iwiri yofunika kuidziwa.

Woyamba ndi oletsa dizilo kuundana. Mu dizilo muli phula losungunuka, ndipo kukazizira kwambiri, kuyandikira ziro kapena kutsika apo, phulalo limayamba kuuma n'kutseka fyuluta. Kwa dalaivala wa thiraki yogona ku Johannesburg mu July, nkhaniyi ndi yeniyeni. Pa Tengani n'kungotaya ndalama.

Wachiwiri ndi okweza cetane. Nambala ya cetane imasonyeza kuti dizilo amagwira moto msanga bwanji akapemereredwa. Ku Ulaya lamulo limafuna 51 kapena kuposa, ku America 40. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, amafupikitsa kanthawi kodikira moto. Koma sangatenthetse mpweya wa madigiri 234 kuti ufike 400.

Mavuto enieni a mafuta kuno kwathu ndi ena. Loyamba ndi madzi. Thanki ikagona ili theka, mpweya wachinyezi wa m'chigwa umazizira usiku n'kusiya madontho m'makoma a thankiyo, ngati mame pa udzu. Dizilo wogula m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta amathanso kubwera ndi madzi kapena parafini, ndipo galimoto zomwe zinawoloka madzi osefukira, ngati a namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023, zimatha kusunga madzi m'thanki kwa nthawi yaitali. Madzi amalemera makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, dizilo pafupifupi 830. Choncho usiku madzi amakhazikika pansi, pomwe paipi imakokera mafuta. M'mawa choyamba kulowa mu pampu ndi madziwo. N'chifukwa chake pansi pa fyuluta ya malole ambiri pali kampopi kotulutsira madzi. Parafini naye saterera ngati dizilo, ndiye amaperesa pampu ndi ma injector.

Lachiwiri ndi mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta. Paipi ikang'aluka pang'ono, kapena labala ya fyuluta ikauma ndi dzuwa, mafuta amabwerera ku thanki usiku ndipo mpweya umalowa m'malo mwake. Zamadzi sizipanikizika, koma mpweya umapanikizika. Pampu ikakankha, mpweyawo umangofinyika ngati siponji, injector osatseguka. Kuyesa kwake n'kosavuta: ngati lole imalira msanga dalaivala akayamba wapopa kapampu ka pamanja ka pa fyuluta, vuto si kuzizira ayi. Langobisala m'mawa chifukwa ndi nthawi yomwe galimoto yaima maola ambiri.

Zotenthetsera

Opanga injini amadziwa kuti zitsulo zozizira zimaba kutentha, choncho anaikamo chithandizo. M'mainjini ang'onoang'ono muli ma glow plug, omwe amakaniko ambiri amangoti mahita. Ndi tizitsulo tomwe timafiira ndi magetsi mpaka madigiri 800 kapena kuposa. Kanyali kooneka ngati waya wopindapinda pa dashibodi kamauza dalaivala kuti adikire kaye. Mainjini akale a Toyota monga 3L, 5L ndi 1HZ amadalira kwambiri mahitawa. Mainjini ambiri akuluakulu alibe ma glow plug, m'malo mwake ena ali ndi chotenthetsera mpweya pa khomo lolowera.

Hita imodzi ikafa, injini imalira monjenjemera ndi utsi woyera kwa kanthawi. Zikafa ziwiri kapena zitatu, imakana. Kuyeza kwake ndi kwa mu labu yathu: multimeter pa ohm. Hita yabwino ya mavoti 12 imaonetsa pafupifupi ohm imodzi kapena kucheperapo, yakufa imaonetsa kuti dera laduka.

Nanga kompyuta?

Choyamba, si lole iliyonse ili ndi kompyuta yoyendetsa mafuta. Zakale zambiri zili ndi pampu ya zitsulo ndi masipuling'i basi. Wina akati aichuna ndi laputopu, gwirani thumba lanu.

Zatsopano zili ndi dongosolo la common rail, lomwe kampani ya Denso inayamba kuliika m'malole a Hino mu 1995, ndipo Bosch inalibweretsa m'magalimoto ang'onoang'ono mu 1997. Mafuta amasungidwa mu paipi imodzi yolimba pa mphamvu yomwe imatha kuposa ka 1,500 kuyerekeza ndi mpweya womwe tikupumawu, ndipo kompyuta yotchedwa ECU ndi yomwe imalamula nthawi ndi kuchuluka kwa mafuta olowa mu silinda.

Kompyutayi ilibe maso. Imadalira masensa: ya kutentha kwa madzi a injini, ya kutentha kwa mpweya, ya liwiro la kirankishafuti, ya mphamvu ya mafuta mu paipi. Sensa ya kutentha ndi thermistor yomwe ija ya mu phunziro la zamagetsi, yomwe resistance yake imatsika ikatentha. Kompyuta ikamva kuti injini yazizira, imayatsa mahita nthawi yotalikirapo, imasintha nthawi yopemerera mafuta, imayamba yathira kadontho kakang'ono koyambitsa moto, ndipo imakweza liwiro la injini ikangolira. Zonsezi zinalembedwa kale ndi mainjiniya omwe anayesa injiniyo m'zipinda zozizira kuposa Dedza kutalitali.

Tsono taganizirani sensa ya kutentha itawonongeka, n'kumanena kuti injini ili pa madigiri 80 pomwe yagona usiku wonse. Kompyuta ikhulupirira, siyatsa mahita, injini ikana. Apa laputopu ndi yothandizadi, koma pofufuza, osati pochuna. Makaniko wanzeru amalumikiza makina ake m'mawa injini isanalizidwe n'kuwerenga. Sensa ya madzi ndi ya mpweya ziyenera kunena kutentha kofanana ndi kwa panja, chifukwa zinthu zomwe zakhala pamodzi usiku wonse zimafika pa kutentha kumodzi. Ikasiyana kwambiri, wabodza wapezeka.

Kuchuna ndi nkhani ina. Ndi kusintha matebulo a manambala a m'kompyuta, kapena kumangirira kabokosi konamiza masensa, kawirikawiri pofuna mphamvu zambiri. Pulogalamu yochokera kwa opanga galimoto, yokonza vuto lomwe iwo alipeza ndi kuliyesa, ngati ija ya Ford, ndi yabwino. Koma yotengedwa pa intaneti siidziwa kuti maring'i a lole yanu atha. Pulogalamu siingatseke mpata wa mu silinda, siingadzaze batire, siingachotse madzi m'thanki. Chomwe ingachite n'kuthira mafuta ambiri kapena kuwathira msanga. Zotsatira zake zimakaonekera pa chitunda cha Thabwa, lole yodzaza ikawoloka Shire pa Kamuzu Bridge n'kuyamba kukwera mamita mazanamazana kulowera ku Blantyre. Mafuta ochuluka amatanthauza utsi wotentha kwambiri, ndipo ovutika ndi mapisitoni, tebo ndi gasiketi.

Palinso mapapo athu. Ochuna ena amazimitsa zida zochepetsa utsi woipa. Mu June 2012, bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa mwa anthu. Ndipo mu 2015 kampani ya Volkswagen inagwidwa itaika pulogalamu yonamiza oyeza utsi m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni. Manambala a m'kompyuta ya injini amakhudza aliyense wopuma m'mbali mwa msewu, kuphatikizapo amayi ogulitsa malonda pa Tengani ndi inu popita kusukulu.

Utsi umalankhula

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagule chilichonse, imani kumbuyo chapatali, mumvetsere ndi kuyang'ana.

Sitata ikuzungulira mwaulesi: batire, mitu yake, mawaya, sitata yomwe, kapena oyilo wolemera.

Sitata ikuthamanga bwino koma utsi kulibe: mafuta sakufika. Ganizirani mpweya m'mapaipi, fyuluta yotsekeka, kapena sensa yomwe ikulepheretsa kompyuta kutsegula ma injector.

Utsi woyera wonunkha dizilo: mafuta akufika koma sakuyaka. Kutentha kwachepa. Yezani mahita, kenako mphamvu ya kupanikiza mu silinda iliyonse, kenako ma injector.

Utsi wa buluu ikalira: ikuwotcha oyilo, chizindikiro cha kutha kwa maring'i kapena mavavu.

Utsi wakuda: mafuta achuluka kuposa mpweya. Fumbi la chilimwe m'chigwa muno limatseka fyuluta ya mpweya msanga.

Mwaona kuti zoyambirira pa mndandandawu ndi zotchipa kapena zaulere? Sayansi imayamba ndi kuyeza, ndipo imasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha oyilo, kuthira botolo ndi kugula batire tsiku limodzi, lole n'kulira, simudziwa chomwe chachiza. Wogulitsa botolo ndi yemwe adzatenge ulemu wa batire.

Njira zachidule zomwe zimavulaza

Zina zomwe anthu amachita m'mawa n'zoopsa, ndipo mukaziona musayandikire. Kusonkha moto pansi pa injini kuti oyilo afunde: pamenepo pali mapaipi a mafuta, mawaya ndi batire lomwe limatulutsa mpweya wa hydrogen. Kuika kansanza konyowa ndi petulo pa khomo la mpweya, kapena kupopera ether mu injini ya mahita: zinthuzi zimatha kuphulika pisitoni isanafike pamwamba, kuthyola maring'i kapena kubwezera moto kwa wogwirayo. Kukankha lole yodzaza kapena kuigubuduza pa mtsetse: mabuleki a malole amadalira mpweya womwe injini imapopa ikamalira, ndipo chiwongolero chimauma injini ikazima. Ana asukulu ndi omwe amaitanidwa kawirikawiri kuti "tatithandizeni kukankha". Kanani mwaulemu. Ndipo sitata isazunguzidwe kupitirira masekondi 10 mpaka 15 osaipumitsa, chifukwa I²R ija ikugwiranso ntchito m'mawaya ake.

Yesani nokha

Thirani mafuta ophikira ofanana m'timabotolo tiwiri. Kena kaikeni padzuwa, kena m'madzi a mumtsuko. Pakatha theka la ola, dontheza dontho limodzi la kalikonse pa mbale yopendekeka, muwerenge masekondi omwe lililonse litenge kuyenda masentimita 10. Lembani zomwe mwapeza.

Kenako bwererani ku fomula ija. Injini ina ili ndi r = 20, ina r = 16, zonse pa n = 1.25, m'mawa wa madigiri 12. Pezani T2 ya iliyonse mu madigiri a Celsius, ndipo munene kuti ndi iti yomwe ingafune kwambiri chithandizo cha mahita. Mukapeza yankho, kambiranani ndi makaniko kapena wa chigayo wa kwanuko, mumufunse ngati zikugwirizana ndi zomwe iye amaona m'mawa wa June.